Kutumiza mafayilo pa windo lakuda: mafunso a mphwanga wa ku Southerton

Mwana wa mlongo wanga amagwira ntchito pa kashopu kosindikiza mapepala ku Southerton kuno ku Zimbabwe, mbali ya kumafakitale, komwe fungo la fodya ndi la chimera limakupeza usanatsike n'komwe m'kombi. Amasindikiza malebulo, makalendala, mabuku a malisiti ndi timapepala ta mwambo wa maliro. Mnzawo amene amawajambulira zina mwa ntchitozi ali ku Limbe, mu mzinda wa Blantyre. Izi sizachilendo kwa ife a ku Southerton, Rugare, Lochinvar ndi Mbare, amene agogo athu ambiri adachoka ku Nyasaland nthawi ya Chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, kudzagwira ntchito ya njanji ndi ya m'mafakitale. Kumudzi sitidakutaye. Kale tinkatumiza mabulangete ndi makalata pa basi yodzera ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. Lero katundu wina ndi mafayilo. Mafunso ali m'munsiwa ndi a mphwangayo, monga ankandifunsira madzulo angapo magetsi atazima, ndipo mayankho ndawasiya m'mene ndinkamuyankhira.

Amalume, WhatsApp ilipo, fulashi ilipo. Ndivutikirenji ndi windo lakuda lolembamo malamulo?

Pa fayilo imodzi yaing'ono usavutike, mphwanga, tumiza pa WhatsApp. Imabisa uthenga kuchokera pa foni yako mpaka pa foni ya wolandira, ndipo imalola fayilo yofika 2 GB ukaitumiza ngati chikalata. Koma ukatumiza chithunzi ngati chithunzi, imachifinya, ndipo iwe wosindikiza ukudziwa m'mene nkhope ya malemu imaonekera ikafinyidwa kenako n'kukulitsidwa pa pepala lalikulu. Gmail imakana chilichonse choposa 25 MB. Fulashi ndiye ndi hule wa makompyuta, undikhululukire mawuwo: imalowa paliponse ndipo imabwerako ndi matenda.

Vuto lenileni limayamba mafayilo akachuluka. Foda ya mafayilo 400, ena asinthidwa dzulo, ena ayi, udzawasankha ndi chala pa foni? Lamulo lolembedwa ukalikonza bwino kamodzi, mawa umangolibwereza, ndipo ukhoza kulisiya likugwira ntchito usiku iwe uli m'tulo. Komanso makompyuta ambiri osunga zinthu, amene timawatcha maseva, alibe sikirini kapena mbewa. Khomo lawo ndi windo lakudalo basi.

Nanga SSH imene mumaitchula kawirikawiriyi n'chiyani?

Ndi njira yolankhulitsira makompyuta awiri mwakuti woima pakati amangomva phokoso. Kale anthu ankagwiritsa ntchito telnet, FTP ndi rcp, zimene zinkatumiza chilichonse poyera, pasiwedi yomwe, ngati kalata yopanda envulopu imene kondakitala aliyense angawerenge. Mu 1995, pa Helsinki University of Technology ku Finland, munthu wina adatchera msampha pa netiweki n'kukolola mapasiwedi a anthu ambirimbiri. Wofufuza wina wa pomwepo, Tatu Ylönen, adalemba SSH chaka chomwecho n'kuigawa ulere. Adapempha kuti ipatsidwe khomo nambala 22, popeza FTP inali pa 21 ndipo telnet pa 23, ndipo mpaka lero ili pomwepo. Imene ili m'makompyuta ambiri masiku ano ndi OpenSSH, yolembedwa ndi gulu la OpenBSD, yomwe idatuluka mu Disembala 1999.

SSH ndiwo msewu. Magalimoto oyenda pamsewuwo atanyamula mafayilo ndi atatu: scp, sftp ndi rsync.

Ndionetseni lamulo loyamba.

Tiyambe ndi makompyuta awiri a m'shopu mwanumo, olumikizidwa pa rauta imodzi. Yolandira iyenera kukhala ndi pulogalamu yomvera ya SSH. Pa Ubuntu umaiika polemba sudo apt install openssh-server. Tinene kuti adiresi yake ndi 192.168.1.20 ndipo dzina lolowera ndi shopu. Pa kompyuta yako ulemba:

scp kalendala.pdf shopu@192.168.1.20:/home/shopu/ntchito/

Dongosolo lake ndi limodzi nthawi zonse: choyamba chimene ukutenga, chachiwiri kumene chikupita. Ukafuna kukoka fayilo kuchokera uko kubwera kuno, umangotembenuza:

scp shopu@192.168.1.20:/home/shopu/ntchito/kalendala.pdf .

Kadontho kali kumapetoko katanthauza "pano pamene ndili". Foda yonse imafuna -r, ndipo -p wamng'ono amasunga tsiku ndi nthawi imene fayilo idasinthidwa komaliza.

Pali misampha iwiri imene aliyense amagwamo kamodzi. Woyamba ndi madontho awiri aja a pambuyo pa adiresi. Ukawaiwala, scp sikudzudzula. Imangokopera fayiloyo pa kompyuta yako yomweyo n'kuipatsa dzina loti shopu@192.168.1.20, iwe n'kumauza mnzako kuti zapita. Wachiwiri ndi chilembo P. Seva ikakhala kuti ikumvera pa khomo lina, monga 2222, ssh imafuna -p 2222 wamng'ono koma scp imafuna -P 2222 wamkulu. Ndagwira ntchito imeneyi zaka zambiri ndipo chala changa chimalakwitsabe.

Nditayesa, yandifunsa funso lalitali lachingerezi lokhala ndi zilembo zosokonekera. Ndangolemba yes. Ndalakwa?

M'shopu mwanumo, pa rauta yanu, mwina palibe chaonongeka. Koma khala pansi, chifukwa chitetezo chonse cha nkhaniyi chagona pa funso limenelo, ndipo ndi pamene anthu amathamangira kwambiri.

Ukapita ku Mbare kukatumiza katundu, ukhoza kumanga chikwama ndi maloko atatu. Koma ngati munthu amene wamupatsa chikwamacho pamodzi ndi makiyi si kondakitala weniweni, malokowo akuthandiza chiyani? Kubisa uthenga n'kopanda phindu ngati ukubisirana ndi wakuba. Munthu amene walanda rauta ya pamalo ogulitsa intaneti, kapena watchera Wi-Fi yokhala ndi dzina lofanana ndi yanu, akhoza kuyankha m'malo mwa seva ya ku Limbe. Iwe ulemba pasiwedi, iye ailandira, aipititsa kwa seva yeniyeni, ndipo mafayilo onse adutsa m'manja mwake ali otsekuka. Iwe suona chachilendo chilichonse.

Pofuna kutseka mpata umenewu, seva iliyonse ili ndi kiyi yakeyake, ndipo zilembo zosokonekera zija, zoyamba ndi SHA256, ndi chidindo cha kiyiyo, ngati chala chimene agogo ankadinda pa chitupa. Funsolo likuti: kompyuta iyi sindikuidziwa, chidindo chake ndi ichi, kodi ndi yomweyo? Yankho loona silili pa sikirini yako. Umuimbire foni mwini seva, alembe pa kompyuta yakeyo:

ssh-keygen -lf /etc/ssh/ssh_host_ed25519_key.pub

ndipo akuwerengere kapena akutumizire chidindocho pa njira ina, ngakhale pa WhatsApp pomwe. Zikafanana, vomera. Kuyambira pa OpenSSH 8.0 ukhozanso kumata chidindo chimene wakutumiziracho m'malo molemba yes, kompyuta n'kufananitsa yokha, zomwe ndi zabwino kuposa maso otopa a madzulo. Ukavomera, kiyiyo imasungidwa mu fayilo ya known_hosts m'foda ya .ssh ndipo sudzafunsidwanso.

Tsiku lina udzaona chenjezo la zilembo zikuluzikulu lozunguliridwa ndi zizindikiro za @, loti REMOTE HOST IDENTIFICATION HAS CHANGED. Nthawi zambiri chifukwa chake n'chosaopsa: mnzako waikanso Linux mwatsopano, kapena rauta itazima ndi magetsi yapereka adiresi ija kwa kompyuta ina. Achinyamata ambiri amangofufuta known_hosts yonse kuti chenjezolo lichoke. Kumeneko ndi kupha galu chifukwa wauwa usiku. Imba foni kaye. Ukatsimikiza kuti kusinthako n'koona, chotsa mzere wa seva imodziyo ndi ssh-keygen -R 192.168.1.20, kenako yang'ananso chidindo chatsopano monga poyamba.

Pasiwedi yathu ndi yaitali ndithu. Makiyi mukunenawo ndi a chiyaninso?

Seva iliyonse yotsegula khomo 22 pa intaneti imayamba kugogodedwa tsiku lomwelo ndi makompyuta oyesa mapasiwedi usana ndi usiku. Sadana nawe, sakudziwa n'komwe. Amayesa chitseko chilichonse mumsewu. Ndiponso pasiwedi ya pashopu imadziwika ndi aliyense amene adagwirapo ntchito, kuphatikizapo uja adachoka mokwiya chaka chatha.

Kiyi imapangidwa ndi lamulo limodzi:

ssh-keygen -t ed25519

Limabala mafayilo awiri. Ya id_ed25519.pub ili ngati loko: ukhoza kuipereka kwa aliyense, ukhoza kuimata pa maseva khumi. Ya id_ed25519, yopanda .pub, ndiyo kiyi yeniyeni, ndipo siichoka pa kompyuta yako. Osaitumiza pa imelo, osaiika pa fulashi, osapatsa ngakhale ine malume wako. Lokoyo umakaikoloweka pa seva polemba ssh-copy-id shopu@192.168.1.20, ndipo imakalowa mu fayilo ya authorized_keys. Kuchokera pamenepo seva imakuyesa ndi funso la masamu limene yekhayo wokhala ndi kiyi angayankhe, ndipo palibe chinsinsi chodutsa pa waya. Mtundu wa Ed25519 udalowa mu OpenSSH mu 2014. Ndi waufupi, wachangu, ndipo kuyambira 2023 ndi umene ssh-keygen imapanga ukapanda kutchula mtundu.

Ikakufunsa mawu otsekera kiyiyo, usadumphe. Laputopu imabedwa m'kombi, ndipo kiyi yosatseka ndi mphatso kwa wakubayo. Ngati kulemba mawuwo kawirikawiri kukutopetsa, ssh-agent imawasunga mpaka utazimitsa kompyuta. Munthu aliyense pashopu akhale ndi kiyi yake. Wina akachoka ntchito, mumafufuta mzere wake umodzi mu authorized_keys, nkhani yatha. Makiyi akayamba kugwira, lembani PasswordAuthentication no mu /etc/ssh/sshd_config, ogogoda aja azigogoda khoma. Koma yesa kaye kulowa ndi kiyi pa windo lachiwiri usanatseke loyamba, kuopa kudzitsekera kunja kwa nyumba imene ili mtunda wa makilomita 600.

Dzulo fayilo ya 2 GB inafika pa 90 peresenti, magetsi n'kuzima. Nditayambiranso, yayambira pa ziro. Bandulo yanga!

Pepa. Amene adalemba scp sankaganiza za damu la Kariba. Ife tikukumbuka 2019, pamene magetsi ankazima mpaka maola 18 patsiku, ndi kumapeto kwa 2022, pamene madzi a m'damu adatsika mpaka Zambezi River Authority idalamula kuti mbali ya Zimbabwe ileke kupanga magetsi kwa kanthawi. Wa ku Limbe nayenso ali ndi nkhani zake za ESCOM. Tawerengera: 2 GB pa liwiro la 5 Mbps ndi mphindi pafupifupi 53. Mu mphindi 53 zimenezo, mbali ziwiri zonse ziyenera kukhala ndi magetsi ndi netiweki. Ndi pemphero lalitali.

Scp ikadukiza imasiya chidutswa chokhala ndi dzina lenileni la fayilo, chooneka ngati chathunthu, ndipo ukaibwereza imayambira pachiyambi. Pa ntchito yaikulu kuno kwathu, galimoto yoyenera ndi rsync. Adailemba Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras ku Australian National University mu 1996, nthawi imene intaneti ya kwawoko inkayenda pang'onopang'ono, choncho adaipangira anthu ngati ife. Nzeru yake ndi iyi: isanatumize kanthu, imafunsa mbali inayo kuti muli ndi chiyani kale. Fayilo yofanana kukula ndi nthawi imaidumpha. Fayilo yosiyana imaiduladula m'zigawo, n'kufananitsa zidindo za zigawozo, n'kutumiza zokhazo zimene kulibe uko. Tinene kuti adiresi ya seva yolandira ndi 203.0.113.10:

rsync -avP --timeout=60 ntchito/ shopu@203.0.113.10:/home/shopu/ntchito/

Chilembo a chimatenga foda yonse ndi nthawi zake ndi zilolezo zake, v amakuuza zimene zikuchitika, P wamkulu amaonetsa pamene yafika ndipo amasunga chidutswa ikadukiza. Mbali ya --timeout=60 imauza rsync kuti pakapita mphindi imodzi popanda kumva kanthu ileke kudikira, isunge chimene yalandira. Magetsi akabwera umalembanso lamulo lomwelo, ndipo imangotumiza gawo lotsalalo. Rsync iyenera kukhalapo pa makompyuta onse awiri.

Pali kanthu kamodzi kamene mabuku ambiri satchula chifukwa olemba ake sazimiridwa magetsi. Ngati yazima mwadzidzidzi ndi kompyuta yolandira, rsync ya kumeneko siipeza mpata wosunga chidutswa chija pa dzina loyenera. Chimatsala ngati kafayilo kobisika koyamba ndi dontho, ndipo ulendo wotsatira sichigwiritsidwa ntchito. Pa fayilo imodzi yaikulu yopita kumalo a magetsi osadalirika, onjezera --append-verify. Imalemba molunjika pa fayilo yeniyeniyo, ikabwerera imapitiriza pamene idalekezera, ndipo pomaliza imayesa fayilo yonse. Ikapeza kuti sizikugwirizana imatumizanso.

Netiweki ikakhala yodukaduka, kulunga lamulolo motere, upite ukagone:

until rsync -avP --timeout=60 ntchito/ shopu@203.0.113.10:/home/shopu/ntchito/; do sleep 60; done

Ikalephera imapuma mphindi imodzi n'kuyesanso, mpaka itatheka. Apa m'pamene makiyi aja amaonetsa phindu lake, chifukwa palibe wodzuka usiku kukalemba pasiwedi. Masana, kuti usatsamwitse anzako pa Wi-Fi, --bwlimit=200 imaletsa rsync kupitirira makilobaiti 200 pa sekondi. Chilembo z chimafinya zinthu paulendo ndipo chimathandiza pa zolembalemba, koma pa JPEG, mavidiyo ndi ma PDF ambiri n'kufinya chimanga chokazinga kale.

Kamzere kopendekera kali pambuyo pa "ntchito" kali ndi tanthauzo?

Kwambiri. Ukalemba ntchito/ ukutanthauza za m'kati mwa foda. Ukalemba ntchito popanda kamzereko ukutanthauza foda yeniyeniyo, ndipo uko udzapeza ntchito m'kati mwa ntchito. Pakokha ndi chisokonezo chabe. Kumasanduka maliro ukakuphatikiza ndi --delete, imene imafufuta kolandira chilichonse chimene kulibe kotumiza.

Ndidaziona ndi maso pa kampani ina imene ndinkaithandiza. Mnyamata wina wanzeru zake adatembenuza mbali ziwirizo: foda yatsopano yopanda kanthu adaiika poyamba, nkhokwe ya zaka zitatu kumapeto, --delete pakati. Rsync idamvera mokhulupirika. Windo lakuda lilibe bini yoti ukatolemo zimene wataya. Kuyambira tsiku limenelo sindilemba --delete ndisanayese ndi -n, imene imangoonetsa zimene zikanachitika osakhudza kanthu. Werenga mndandandawo mpaka pansi, makamaka mizere yoyamba ndi deleting.

Ndidziwa bwanji kuti fayilo yafika yonse, yosaonongeka?

Paulendo penipeni SSH imayang'anira kachidutswa kalikonse, ndipo rsync imayesa fayilo iliyonse imene yatumiza. Koma ngati pakhala kudukiza, kapena fayilo yadutsa pa fulashi, dzitsimikizire wekha. Lemba sha256sum kalendala.pdf kuno, mnzako alembe chimodzimodzi uko. Pa Windows ndi certutil -hashfile kalendala.pdf SHA256. Zilembo 64 zimene zituluke zikafanana, mafayilowo ndi amodzi. Pakasintha ngakhale kadontho kamodzi m'kati, zilembozo zimasinthiratu. Ndi masekondi ochepa, poyerekeza ndi kusindikiza makope 500 a buku limene masamba ake omaliza kulibe.

Mnzanga wa ku koleji akuti scp ndi yakale, anthu adaisiya. Zoona?

Theka lake. Scp idatengera kalankhulidwe ka rcp ya m'ma 1980, kamene kankakhulupirira seva mopitirira muyeso. Mu Januwale 2019 Harry Sintonen wa kampani ya F-Secure adaonetsa kuti seva yoipa ikhoza kukupatsa mafayilo amene sudapemphe n'kulemba pamwamba pa ako. Mu Epulo chaka chomwecho a OpenSSH adanena okha kuti kalankhulidweko n'kachikale ndipo n'kovuta kukonza, nalangiza anthu kugwiritsa ntchito sftp kapena rsync. Kenako mu Epulo 2022, pa OpenSSH 9.0, adasintha injini n'kusiya bodi: umalembabe scp monga kale, koma pansi pake ikulankhula SFTP. Lemba ssh -V uone imene uli nayo. Ukakumana ndi kachipangizo kakale kokana njira yatsopanoyi, -O wamkulu amabwezera yakale.

Sftp payokha ndi yabwino pamene sukudziwa dzina la fayilo: umalowa, umayang'ana ndi ls, umatenga ndi get, umaika ndi put, ndipo reget ndi reput zimapitiriza zodukiza. Usaisokoneze ndi FTP wamba, imene mpaka lero imatumiza pasiwedi poyera. Wina akakupatsa adiresi ya FTP ya pa khomo 21 kuti uikepo mafayilo a makasitomala, mufunse ngati alibe SFTP.

Makompyuta athu ambiri ndi a Windows. Ndiye kuti zonsezi sizitikhudza?

Zikukukhudzani. Kuyambira 2018, Windows 10 imabwera ndi ssh, scp ndi sftp. Tsegula PowerShell ulembe scp uone. Kulibe ssh-copy-id, choncho mzere wa mu .pub umakaumata wekha mu authorized_keys. Rsync kulibenso, koma ukhoza kuipeza utaika Linux ya m'kati mwa Windows yotchedwa WSL. Pa makompyuta akale pali pscp ndi psftp za PuTTY, pulogalamu ya Simon Tatham, ndipo bwana wako amene amadana ndi windo lakuda mupatse WinSCP, azikoka mafayilo ndi mbewa pamsewu womwewo wa SSH. Pa foni ya Android, Termux imakupatsa zonsezi m'thumba.

M'shopu zikutheka. Koma kompyuta ya ku Limbe siyankha n'komwe. Talakwitsa pati?

Mwina simudalakwitse. Yang'ana kaye bandulo: ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha siinyamula SSH, pamafunika bandulo ya intaneti yonse. Chachiwiri, adiresi yoyamba ndi 192.168 ndi ya m'nyumba. Ili ngati kunena kuti "chipinda chachitatu" osatchula msewu. Kunja kwa rauta yanu siitanthauza kanthu.

Chachitatu ndicho chovuta. Maadiresi a IPv4 adachepa padziko lonse, ndiye makampani ambiri a mafoni amaika makasitomala mazanamazana kuseri kwa adiresi imodzi, njira yotchedwa CGNAT. Starlink, imene idafika ku Malawi mu 2023 ndi ku Zimbabwe mu 2024, imachitanso chimodzimodzi pa mapulani ake wamba. Wokhala kuseri kwa CGNAT akhoza kutuluka kukagogoda kwa ena, koma wina sangagogode kwa iye. Ngati nonse awiri muli choncho, aliyense ali m'nyumba yopanda chitseko chakunja.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kubwereka kaseva kakang'ono pa intaneti, ka madola ochepa pamwezi, kokhala ndi adiresi yakeyake: wa ku Limbe amaikapo, iwe umatengapo, aliyense pa nthawi imene ali ndi magetsi. Kwa ife ubwino wake waukulu ndi umenewo, kuti simufunika kuyatsa nthawi imodzi. Yachiwiri ndi kulumikiza makompyuta awiriwo pa netiweki yanuyanu ndi WireGuard, kapena Tailscale imene idamangidwa pamwamba pake ndipo imadziwa kuboola CGNAT. Mukatero kompyuta iliyonse imapeza adiresi yokhazikika, ndipo scp ndi rsync zimayenda ngati muli m'chipinda chimodzi.

Kuti usamalembe maadiresi ataliatali, tsegula fayilo ya config m'foda ya .ssh, ulembemo Host limbe, pansi pake HostName, User ndi Port. Ukatero lamulo lonse limafupika kukhala scp kalendala.pdf limbe:ntchito/ basi.

Ndiye ndikatumiza chonchi palibe angaone kanthu?

Paulendo, za m'kati ndi mayina a mafayilo palibe angawerenge. Kampani ya intaneti imaonabe kuti adiresi yako yalankhula ndi adiresi iti, nthawi yanji, ndiponso kuchuluka kwa zimene zadutsa. Koma SSH imateteza msewu wokha. Fayilo ikafika imakhala yotsekuka monga inalili, ndipo ngati yagona pa kaseva kobwereka, yagona m'nyumba ya eni. Zinthu zonga mndandanda wa malipiro a antchito a fakitale, kapena mafomu okhala ndi manambala a zitupa, uzitseke zisananyamuke: gpg -c malipiro.pdf imakufunsa mawu achinsinsi n'kubala malipiro.pdf.gpg, ndipo mawuwo umamuuza mnzako pa foni, osati kuwalemba m'foda yomweyo.

Apa pali ndi lamulo la boma. Zimbabwe ili ndi Cyber and Data Protection Act ya 2021, imene woyang'anira wake ndi POTRAZ, ndipo ili ndi mfundo zokhudza kutumiza kunja kwa dziko zinthu zofotokoza za anthu. Malawi idakhazikitsa Data Protection Act mu 2024, pansi pa MACRA. Kalendala ya mpingo siivuta, koma mayina ndi manambala a anthu akamawoloka malire, bwana wako ayenera kudziwa kuti akunyamula katundu wa eni.

Mapulogalamuwonso amafuna kuwasamalira. Mu Malichi 2024 Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft, adadabwa kuti kulowa pa SSH kukuchedwa ndi theka la sekondi pa kompyuta yake yoyesera. Atafukula adapeza khomo lachinsinsi lobisidwa mu xz 5.6.0 ndi 5.6.1, kapulogalamu kofinya mafayilo, loikidwa ndi munthu amene adakhala zaka ziwiri akudzionetsa ngati wothandiza. Lidagwidwa lisanafike m'makompyuta ambiri. Mu Januwale 2025 rsync nayo idatsekedwa mabowo angapo pa 3.4.0. Choncho kompyuta ija ili pansi pa tebulo m'shopu mwanu, imene palibe waikhudza chiikireni, ikufunika sudo apt update ndi sudo apt upgrade. Uchite Loweruka m'mawa magetsi alipo, ndipo uyambe waona kuti batire ya invete yadzaza.